Sirinji ya M'khola

Lachiwiri pa 4

Andigoneka. Wodi ya amayi, chipinda cham'mwamba, bedi la pawindo. Mzime wathu wandigulira kope ati ndizilembamo zonena adokotala, chifukwa masiku ano mutu wanga sukusunga kanthu. Ndiye ndilembe.

Bondo lakumanja latupa ngati dzungu. Pakamwa papotokera kumanzere, diso lakumanja silikutsekeka, tiyi akudontha pakona pa mlomo. Adokotala, mayi wochepa thupi wovala magalasi, ati ndi matenda a nkhupakupa aja, abwereranso kapena sanachoke n'komwe. Ati nkhupakupa ikaluma imasiya tizilombo m'magazi, ndipo tikapanda kuphedwa timapita m'mfundo, m'mitsempha, nthawi zina mpaka mumtima.

Zanga sizikundidetsa nkhawa kwambiri, ndili m'manja mwa anthu. Akundisowetsa mtendere ndi bambo akunyumba. Sabata yatha akusamba ndinawaona chizindikiro chomwe ndinayamba nacho ine, bwalo lofiira kuseri kwa ntchafu, pakati poyererapo. Lero pondiperekeza apumira kawiri pamasitepe atagwira chitsulo. Ndati, "Bambo, poti mwafika kale, akuyezeni." Ati, "Nanga ng'ombe akama ndani madzulo ano? Inu mwagona, inenso ndigone?" Chipewa kumutu, ulendo.

Munthu ameneyu ndimufikitsa kwa dokotala, kaya ndichita kumukoka ndi chingwe.

Lachitatu pa 5

Atenga magazi mabotolo atatu. Atenganso madzi a mumsana, anandipinda ngati nkhono n'kubaya. Zowawa, koma ndinabereka ana ine, sindingalire ndi singano. Ati ndigone chagada mpaka masana. Diripi ayamba, kamodzi patsiku m'mawa, mankhwala achikasu pang'ono. Diso akulithira madontho n'kulimata pogona.

Pabedi loyandikana nane pali aTelala, mayi wa shuga, chala chakuphazi anawadula. Pakamwa pokha sanadule. Andifunsa zonse mpaka mtundu wa ng'ombe. Ndawauza kuti tili ndi zinayi zamkaka, timakama ndi manja m'mawa ndi madzulo, ine ziwiri bambo ziwiri, chikwatirane. Ng'ombe yamkaka sidziwa Lamulungu, sidziwa maliro. Ukalumpha kukama mawere amauma gwa, mawa lake matenda. Tsiku la ukwati wa mwana wathu woyamba tinachoka pamadyerero anthu akuvina, ine diresi nditalipinda m'chiuno, kukakama.

ATelala ati, "Ndiye munakwatiwa ndi bambowo kapena ng'ombe?" Ndati tonse tinakwatiwa ndi ng'ombe.

Lachinayi pa 6

Zotsatira za madzi a mumsana zabwera, tizilombo tinafikadi m'mitsempha. Diripi ipitirira masabata atatu, mwina anayi.

Adokotala anakhala pabedi n'kufunsa za makapusolo a dokisi amene ndinapatsidwa ulendo woyamba. "Munamaliza onse?" Ndati onse, sindinasiye ngakhale limodzi. "Mumamwera chiyani?" Funso lake! Kwathu kuli chinanso chomwera? Wotchi yathu ndi ndowa. Ndikamaliza kukama m'mawa, kapusolo pakamwa, kapu ya mkaka wofunda. Madzulo chimodzimodzi. Ndiye alamu anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera ndi nzeru yoti ndizithiramo supuni ya makala osinja, ati amakoka poizoni wa nkhupakupa.

Adokotala anavula magalasi n'kudzipukuta kumaso. Ati mkaka umachepetsako mphamvu ya makapusolo amenewo, koma makala ndiye amagwira mankhwala m'mimba momwemo n'kutuluka nawo. Ati sangalumbire kuti chifukwa chake ndi chokhacho, koma n'kutheka ndithu. Anandifunsa ngati pondipatsa anandiuza. Mwina ananena, pawindo paja pamakhala phokoso.

Kalanga ine! Sabata zonse zija ndimadyetsa chimbudzi mankhwala. ATelala aseka mpaka anamwino abwera kudzaona.

Bambo ndawaimbira foni madzulo. Akupuma ngati athamanga. Ati angonyamula udzu.

Lachisanu pa 7

Thupi latentha, kunjenjemera, mutu. Anamwino ati zimachitika mankhwala akayamba kugwira. Panado awiri. Phala ndadya masupuni angapo.

Bambo foni sanayankhe. Mzime ati ali bwino, ali kukhola.

Loweruka pa 8

Lero ndadzuka munthu. Bondo laphwerako, chala chikulowa pansi pa bandeji.

Alamu abwera ndi chikwama chonga akusamuka. Atulutsa adyo wonyika mu uchi, jinja, mandimu, viniga, mafuta a nsatsi opaka bondo, makala aja m'botolo la khofi, ndi masamba ena ouma amene ati anawerenga pafoni kuti amachotsa matendawa ndi mizu yomwe. Mtima ndi wabwino mayi amene uja, ndisamunamizire. Pamene ndinkalephera kudzuka kunyumba ndi iyeyo ankandisambitsa. Koma pafoni pake pali chipatala chonse.

Anamwino aakulu sanakalipe. Anangoyala zonse patebulo n'kuyamba kusankha ngati nyemba. Tiyi wa jinja ndi ndimu ati imwani, athandiza mseru. Nsalu yofunda pabondo, chabwino. Uchi pang'ono palibe vuto, bola aTelala asauone. Makala ndi masamba osadziwika dzina, abwerere komwe achokera. Ati, "Izi zimatonthoza thupi, mayi, koma kachilombo sizipha. Wopha kachilombo ndi uyu," akuloza diripi.

Alamu anakwinya nkhope. "Chonsecho achimwene akuchira ndi zomwezi kunyumba. Adyo m'mawa, makala masana, jakisoni madzulo."

Ndati, "Jakisoni wanji?"

Anazindikira kuti lilime laterereka, koma madzi akatayika saoleka. Bambo akudzibaya okha pantchafu mankhwala a ng'ombe, aja abulauni timabaya ng'ombe ikadwala matenda a nkhupakupa. Ndi sirinji ya m'khola! Ati amaiwiritsa kaye m'ketulo. Mlingo akuchita kuyerekeza, ati iwo kulemera kwawo ndi ngati thole.

Ndinafuna kuzula diripi ndipite ndi wapansi. Ndakwiya, ndipo ndili ndi mantha.

Lamulungu pa 9

Bambo abwera nthawi ya alendo, atavala jekete la kutchalitchi, nsapato zili za m'khola. Andibweretsera nthochi. Akuyenda motsimphina, nkhope yatuwa.

Sindinazungulire. "ADokotala a m'khola, ntchafu ili bwanji?"

Anayang'ana aTelala, aTelala anayang'ana kudenga. Bambo ati, "Mayi, musandichititse manyazi pa anthu. Nkhupakupa yake ndi yomweyo, yoluma ng'ombe ndi yoluma ife. Mankhwala ake angasiyane bwanji? Dona uja sindinamudzutse ndi botolo lomwelo atagona chaka chatha?"

Dona ndi ng'ombe yathu yaikulu, yamkaka wambiri kuposa zonse, yamwano kuposa zonse. Salola dzanja lachilendo.

Ndati, "Dona ali ndi miyendo inayi ndi mimba zinayi. Inu muli nazo zingati?"

"Bwalo lija lazimiririka."

"Langanso linazimiririka. Taonani pakamwa pangapa."

Ndinawagwira dzanja ngati ndikuwasisita, chala ndinaika pamtsempha monga amachitira anamwino. Mayo ine! Kugunda kumodzi, kenako zii, mpaka kuganiza kuti waiwala, kenako kwina. Ndinakuwa, "Anamwino, tabwerani!" Bambo anasolola dzanja, ati nthawi yokama yakwana, basi imachedwa. Pamene anamwino amafika, anali atatsika kale.

Zaka zonsezi sindinawaonepo akundithawa. Nthochi ndapatsa a bedi la kukhomo.

Lolemba pa 10

Diripi m'mawa. Singano aisamutsira dzanja lamanzere, lamanja latupa. Diso layamba kutsekeka theka. Wophunzitsa mafizo wandionetsa kukweza nsidze ndi kufufuma masaya pagalasi, ati katatu patsiku. Ndayenda ndi ndodo mpaka kubafa ndekha.

Ndawafotokozera adokotala za bambo, bwalo, kupuma, kugunda kuja, ndi sirinji yomwe. Sanaseke ngakhale pang'ono. Ati tizilomboti tikafika mumtima timasokoneza kagundidwe kake, mtima umayenda pang'onopang'ono, ndipo ukhoza kungoima munthu ali chilili. Ati zimachizika bwino ndithu, koma munthuyo akhale pano, pamakina. Mankhwala a ziweto ati mlingo wake ndi zosakaniza zake si za thupi la munthu, akhoza kuwaoletsa ntchafu. "Abwere lero, mayi. Osati mawa."

Ndatuma mzime. Mwanayu ndi mphunzitsi, wapempha tchuthi kusukulu chifukwa cha ife. Wapita ndi bambo wina wodziwa kukama woti agwirizire masiku ochepa. Madzulo waimba akulira. Ati ababa ake anamuyang'ana munthuyo m'manja, n'kunena kuti zikhadabo zake zingang'ambe mawere, abwerere. Mzime anati ndiye ndikama ndine. Anangokhala pakampando, Dona theche, ndowa uko. Bambo ati, "Mwaonatu? Ndikachoka pano ziweto izi zatha. Mukawauze amayi anu ndibwera iwo akatuluka."

Ine kutuluka ndi masabata atatu. Mtima umene ndinaugwira dzulo sungadikire masabata atatu.

Lachiwiri pa 11

Mzime wawapeza bambo m'mawa atakhala pansi m'khola, msana atatsamira mtengo, mkaka utatayikira m'ndowe. Ati anaterereka. Pouma! Atadzuka anamaliza kukama zonse zinayi n'kukweza zigubu panjinga.

Alamu aimba, nawonso mantha awagwira tsopano. Ati awonjezere adyo? Ndati, "Alamu, adyo wakwana. Mukabise sirinji ija." Ati anabisa kale dzulo, achimwene awo anatulutsa ina m'thumba la jekete.

Ndakhala chete tsiku lonse, mpaka aTelala anadabwa. Ati, "Anzathu, lero wailesi yatha mabatire?" Ndinawafotokozera. Ati, "Mwamuna wotero sumukoka, amakukoka ndi iyeyo. Wanga anali chimodzimodzi ndi galimoto lake la matola. Ankati ndipita kuchipatala ndikatsitsa ulendo uno." Sindinafunse kuti zinatha bwanji. Chindigonekere muno sindinaone mwamuna aliyense akubwera kudzawaona.

Kuwachonderera ndachonderera. Kukalipa ndakalipa. Mwana walira. Yankho ndi limodzi, ng'ombe akama ndani. Chabwino. Ndiye pasakhale ng'ombe yokama.

Lachitatu pa 12

Ndaimbira achimwene anga. Nawonso ndi a ng'ombe zamkaka, amakhala kutali ndithu, msewu wake wamabampu, ndipo ali ndi lole ndi anthu okama. Iwo ndi bambo sagwirizana kwenikweni, aliyense amati mnzake sadziwa kuweta.

Ndati, "Achimwene, mawa m'mawa bambo akapita kukasiya mkaka, mukatenge ng'ombe zonse. Mzime akutsegulirani."

Ati, "Mlongo, mutu uli bwino? Amuna akowo adzandidula ndi chikwanje."

"Adzakuduleni ali moyo."

"Nanga ija mumati Dona, si ili ndi bere?"

"La miyezi isanu ndi umodzi."

"Msewu uno ndi bere lotero, ine sindikulonjeza kanthu. Bwanji imeneyo itsale?"

Ndinaganiza. Bere limenelo talidikira zaka ziwiri, mbewu yake tinachita kuitanitsa, bambo anakonza kale kakhola ka mwanayo n'kufolera. Koma ikatsala ng'ombe imodzi, bambo atsala nayo. Ndikuwadziwa.

Ndati, "Zonse, achimwene. Muyale udzu wambiri m'lolemo, muyendetse pang'onopang'ono. Dona mukamukweze pomaliza, mumumange kumaso ndi thumba."

Ati, "Walira mvula walira matope, mlongo." Ndati ndikudziwa.

Mzime akuopa. Ati, "Amayi, ababa sadzandikhululukira." Ndamuuza kuti akafunsa unene kuti ndi ine, mawu anga, foni yanga. Iwe unangotsegula geti.

Diripi yalowa bwino. Chakudya sindinachikhudze. Chikwatirane sindinawachitepo chinthu kumbali bambo amene aja, ngakhale kugulitsa nkhuku.

Lachinayi pa 13



Lole inafika bambo atangochoka. Mzime ati Dona anavuta, anagwada pokwera, koma anakwera.

Chakumasana ndinamva nsapato za m'khola pamasitepe, phwa, phwa, kuima, phwa. Sinali nthawi ya alendo. Mlonda ankawatsatira akuti bambo dikirani, iwo osamva. Analowa mu wodi chipewa chili kumutu, thukuta kamukamu, milomo yotuwa.

"Ng'ombe zanga zili kuti?"

"Kwa achimwene."

"Wawatuma ndani?"

"Ine."

Ati, "Mayi, mwandilowa m'khola ngati wakuba? Ine ndili moyo? Mwandivula pamaso pa achimwene anu, anthu aziti chiyani, kuti ndalephera?" Mawu ankatuluka modukaduka. Ndati, "Khalani pansi, bambo, mundikalipire mutakhala." Ati sakhala. Anakweza chala kuti anenenso china, chalacho chinangotsika chokha. Maondo anapinda. Anagwera pabedi la aTelala n'kutsetserekera pansi.

Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji pabedi. Ndinangopezeka ndili pansi, mutu wawo uli pamiyendo panga, ndikukuwa. ATelala ankamenya mbale ndi supuni kuitana anthu. Anamwino anathamanga, adokotala anathamanga, anandichotsa, anawakweza pamachira. Ndinamva wina akuti mtima uli pa makumi atatu.

Madzulo adokotala abwera. Ati bambo ali ku chipinda cha odwala mtima, pansi. Awalowetsa kawaya mumtsempha wa pakhosi kothandiza mtima kugunda mpaka mankhwala agwire. Diripi yawo ndi yomweyi yanga. Pantchafu pali chithupsa chachikulu, achiboola mawa. Ati, "Zikanawachitikira ali okha kunyumba, bwenzi tikunena zina."

Bondo latupanso chifukwa chogwada. Lilekeni litupe.

Lachisanu pa 14

Atsitsimuka. Mzime wawaona, ati adya phala. Alamu anafika ndi chikwama chawo, anachisiya okha pakhomo osauzidwa.

Ine sanandilole kutsika, ati bondo lipume. Ndatuma mzime akawauze kuti ndikuwafunira bwino. Wabwerera. Ndati ati chiyani? Ati anangotseka maso, amayi.

Nsidze yakumanja yagwedezeka pagalasi koyamba.

Loweruka pa 15

Achimwene aimba m'mawa. Zitatu zili bwino, zikudya, mkaka watsika pang'ono. Dona wapoloza. Kamwana katuluka kakufa, kakakazi. Iye ali moyo, dokotala wa ziweto wamuona, koma sakudya.

Ndinati zikomo achimwene, mwayesetsa. Ndinatenga ndodo, ndinapita kubafa, ndinatsegula mpopi kuti anthu asamve. Kakakazi! Ndalira ngati ndi mwana wa munthu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mzime ati tisawauze ababa mpaka atuluke. Alamu ati tidzanene kuti zinangochitika zokha. Ndakana. Ndinawabera ng'ombe, sindiwaberanso choona. Ndafunsa adokotala ngati mtima wawo ungapirire nkhani yoipa. Ati wayamba kale kudzigundira wokha nthawi zambiri, kawaya kakungodikirira. Ati mawa ndikhoza kutsika.

Lamulungu pa 16

Diripi itatha ndinasamba, ndinavala diresi, osati za chipatala. ATelala anandikonza kolala ati ndisapite ngati wodwala. Mzime anafuna kundikankha panjinga ya odwala, ndati ayi, ndipita ndi miyendo yanga, iwe udikire panja. Masitepe ndatsika imodziimodzi, ndodo kutsogolo.

Agona pafupi ndi khomo, mawaya pachifuwa, bandeji pakhosi ndi pantchafu. Achepa bambo aja pabedi. Pamwamba pawo pali makina oonetsa kugunda kwa mtima, kamzere kobiriwira kakudumpha mosalumpha.

Ndinakhala pampando. Ndati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Sanandiyang'ane. Ndati, "Ndabwera ndi nkhani, ndipo ndikufuna muimve kwa ine. Dona wapoloza. Kanali kakakazi."

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Msozi unatsikira m'khutu, sanaupukute.

"Munadziwa kuti zikhoza kutero."

"Ndinadziwa. Achimwene anandichenjeza."

"Ndiye munatumizabe lole."

"Ndinatumiza. Ndipo mutati mubwerere ku sirinji ija, ndingatumizenso. Ng'ombe ndilira nanu, bambo, ndayamba kale dzulo. Koma kulira inu ndakana."

Anatembenuka pang'onopang'ono, mawaya akukokeka, n'kuyang'ana kukhoma. Ndinakhalabe pomwepo. Akwiye, ali ndi chifukwa. Akwiye mwezi, akwiye chaka, ndidzawaphikira ali chikwiyire.

Kenako anamwino analowa ndi thireyi, ati, "Bambo, nthawi ya mankhwala." Ndinagwira ndodo mwamphamvu, ndikudikira kuti ayambe zija za ndili bwino ine, ndikudziwa mankhwala ine.

Nkhope sanaichotse kukhoma. Koma mkono anautulutsa m'bulangete, n'kuupereka.